Kodi Konkire ya Apwitikizi Inali ndi Mankhwala? Mbiri ya Masamu a Simenti ndi Zitsulo

Pali mawu amene amatuluka nthawi zonse mvula ikawononga zinthu kuno ku Milange. Mlatho ukangokokoloka, kapena khonde la sitolo likangogwa, akuluakulu amapukusa mutu n'kunena kuti, "Konkire inali ya Apwitikizi, izi zamasiku anozi n'zoseweretsa." Anyamata amaseka, ena amakwiya, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti kodi anthu akalewo ankawerengera bwanji asanathire konkire. Lero tiyeni tifunse funso limenelo. Yankho lake ndi mbiri ya njira ina ya masamu imene inalamulira zomangamanga kwa zaka zoposa 60, kuyambira ku Ulaya mpaka kuno m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Angerezi ankaitcha working stress method, Apwitikizi ankati tensões de segurança. M'chinenero chathu tingangoti ndi njira yosenzetsa konkire katundu wochepa kwambiri kuposa amene ingathe kunyamula.

Tiyambe ndi njinga, popeza ife a kuno njinga timaidziwa kuposa galimoto. Aliyense waonapo njinga zikutsetsereka kupita ku Muloza zitasenza matumba a chimanga. Tinene kuti njinga ina imathyoka masipoko ikasenza matumba anayi. Mwini wake wanzeru saika anayi, saika ngakhale atatu, amaika awiri. Sikuti ndi waulesi ayi. Akudziwa kuti mumsewu muli maenje, kuti thumba lina limalemera kuposa linzake, ndiponso kuti njingayo yaona mvula zambiri. Mpata umene wasiyawo ndiye chitetezo chake. Injiniya wakale ankachita chimodzimodzi, kungoti iye ankachita ndi pensulo.

Koma bwanji konkire imafuna zitsulo? Tengani nzimbe muipinde pa bondo. Mbali ya kunja imang'ambika chifukwa ikukokedwa, pamene mbali ya pa bondo ikufinyika. Mtanda wa konkire umene wagona pa zipilala ziwiri umamva zomwezo: pamwamba umafinyika, pansi umakokedwa. Konkire ndi ngwazi pofinyidwa, koma pokokedwa ndi khanda, mphamvu yake imatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Chitsulo sichiopa kukokedwa. Tsono mukaika chitsulo kumene kukukokedwa, aliyense amagwira ntchito imene amaitha. Mwamwayi, zinthu ziwirizi zimafutukuka pafupifupi mofanana dzuwa likatentha, ndipo simenti amateteza chitsulo ku dzimbiri malinga ngati wachikuta bwino.

Amene anatchuka nazo poyamba sanali injiniya, anali wosamalira maluwa wa ku France, dzina lake Joseph Monier. Miphika yake ya maluwa inkasweka, ndiye anayamba kuluka mawaya n'kuwamata simenti, ndipo mu 1867 analembetsa luso lakelo ku boma. Monier sankadziwa bwino chifukwa chimene miphikayo inkalimbira. Amene anatsatira ndi amene anafufuza. Ku Germany, Matthias Koenen analemba masamu oyamba mu 1886. Mu 1892 François Hennebique analembetsa njira yake yomangira zipilala, mitanda ndi silabu ngati thupi limodzi, ndipo kampani yake inafalikira m'mayiko ambiri, mpaka ku Portugal komwe chigayo cha ku Caramujo, tsidya lina la Lisboa, chinamangidwa ndi njira imeneyi cha m'ma 1898. Kenaka mu 1894 Edmond Coignet ndi Napoléon de Tédesco anafotokoza masamu amene anadzakhala msana wa nkhani yathu ya lero.

Maganizo awo anachokera pa lamulo lakale la Robert Hooke la mu 1678, loti chinthu chimatambasuka molingana ndi mphamvu imene mukuchikoka nayo, ndipo mukachisiya chimabwerera. Ganizani mphira wa legeni. Iwo anati, tiyerekeze kuti konkire ndi chitsulo zili ngati mphira ameneyu, malinga ngati sitizisenzetsa kwambiri. Tiyerekezenso kuti konkire ya mbali yokokedwa yang'ambika kale, sitiiwerengera n'komwe, ntchito yonse kumeneko ndi ya chitsulo. Ndipo popeza chitsulo n'chouma gwaa kuposa konkire, chikatambasuka mofanana ndi konkire imene yachigwira chimakhala chasenza mphamvu yochuluka kangapo. Kangati? Mabuku ambiri a nthawi imeneyo anagwirizana pa nambala 15. Ndiye kuti kachitsulo kamodzi kankawerengedwa ngati konkire yokula ka 15. Akasandutsa choncho, mtanda wonse unkakhala ngati wa chinthu chimodzi, ndipo masamu ake mwana wa sekondale angawathe.

Poyamba kampani iliyonse inkabisa masamu ake ngati sing'anga ndi mizu yake. Zinasintha anthu atayamba kufa. Mu 1900 kamlatho ka anthu oyenda pansi kanagwa pa chionetsero cha ku Paris n'kupha anthu, boma la France linakhazikitsa komiti, ndipo mu 1906 linatulutsa malamulo. Mayiko ena anatsatira. Portugal inatulutsa lamulo lake loyamba mu 1918, kenaka mu 1935 linabwera buku lalikulu lotchedwa Regulamento do Betão Armado. Angerezi nawo anali ndi buku lawo, CP 114, limene linatuluka mu 1948 n'kukonzedwanso mu 1957.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika kwathu. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 ndi limene linadula dera lino pakati, mtsinje wa Ruo n'kukhala malire, abale ena n'kutsala ku Mulanje, ena ku Milange. Tsono injiniya wa tsidya lino anali wophunzira ku Lisboa kapena ku Porto, popeza sukulu ya ukachenjede ya ku Lourenço Marques inangoyamba mu 1962, ndipo m'thumba mwake munali buku la 1935. Wa tsidya la Nyasaland anali ndi CP 114. Wina ankayeza ndi mamita ndi makilogalamu, wina ndi mainchi ndi mapaundi. Akanakumana pa Muloza sakanamvana chinenero, koma masamu awo anali a mimba imodzi.

Tamvani manambala a buku la Angerezi la 1957, nditawasandutsa kukhala makilogalamu kuti tonse timve. Tengani kamalo kotalika sentimita imodzi, m'lifupi sentimita imodzi, ngati kachikhadabo ka chala. Konkire wamba inkayenera kupirira makilogalamu pafupifupi 210 pa kamalo kameneko isanaphwanyike, ikatha masiku 28. Ankayeza pothira konkire m'timabokosi, n'kukaifinya ndi makina mpaka itasweka. Koma injiniya sankaloledwa kuisenzetsa kuposa makilogalamu 70. Gawo limodzi mwa magawo atatu basi. Chitsulo wamba chimayamba kugonja cha pa makilogalamu 2500, koma chinkaloledwa 1400 okha. Mwaona matumba awiri a chimanga aja? Ndi amenewa.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi kasakanizidwe. Buku la Apwitikizi linkati konkire wamba ikhale ndi simenti makilogalamu 300, mchenga malita 400 ndi miyala malita 800. Makilogalamu 300 ndi matumba asanu ndi limodzi. Mukagawa, thumba limodzi limadya ndowa za malita 20 zitatu ndi pang'ono za mchenga, ndi ndowa pafupifupi zisanu ndi ziwiri za miyala. Angerezi ankati 1:2:4, muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Thumba la simenti limakwana malita pafupifupi 35, ndiye kuti mchenga ndi ndowa zitatu ndi theka, miyala ndowa zisanu ndi ziwiri. Taonani, n'chimodzimodzi! Mmisiri wa ku Milange akawoloka kukagwira ntchito m'maesiteti a ku Mulanje sankafunika kuphunzira kuphika kwina.

Tisaiwale kuti masamu sasakaniza konkire. Tiyi wa m'dziko muno anayambira kuno ku Milange asanafike ku Gurúè, ndipo mafakitale, mosungira katundu, matanki ndi timilatho ta m'minda ya tiyi zinafuna manja. Manjawo anali a agogo athu. Ndiwo ankaswa miyala ndi nyundo, kutunga mchenga ku mtsinje, kusenza ndowa pamutu kukwera nazo pa matabwa. Ambiri, makamaka pa ntchito ya misewu, sanapite mwa kufuna kwawo, anatengedwa pa chibalo. Choncho munthu akati "konkire ya Apwitikizi" ine ndimamva kuwawa pang'ono. Pensulo inali yawo, inde, koma msana unali wathu. Ndipo kusamala kumene timayamikirako, kutsuka miyala, kusefa mchenga, kuthirira madzi m'mawa ndi madzulo, kunali kotchipa kwa mwini ntchito chifukwa wogwira ntchitoyo ankalipidwa zochepa zedi.

Kenaka inabwera nkhondo. Milange inalandidwa ndi Renamo mu 1986, asilikali a boma anaitenganso mu 1988, ndipo anthu ambiri anali atathawira ku Malawi. Amene munabwerako mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa mukukumbukira zimene munapeza. Malata kunalibe, zitseko kunalibe, mawindo kunalibe. Zimene zinatsala ndi zipilala ndi mitanda, zitaima njo ngati mafupa a ng'ombe. Ndikhulupirira kuti mbiri yoti konkire yakale sigwa inakhazikika m'mitima mwathu nthawi imeneyo.

Koma pamene ife tinkaona mafupawo, njira imene inawawerengera inali itasiyidwa kale ndi eni ake. Chifukwa chiyani anasiya chinthu chimene chinkagwira ntchito?

Choyamba, konkire si mphira wa legeni. Mukaisenzetsa katundu kwa zaka imapitiriza kufinyika pang'onopang'ono osabwereranso, ndipo katundu amene ikutula amagwera chitsulo. Ndiye nambala 15 ija inali yongogwirizana, sinali yoona tsiku loyamba ndipo sinali yoona patapita zaka khumi. Pa zipilala vutoli linkaonekera kwambiri. Chachiwiri, njirayi inkaika katundu yense m'dengu limodzi. Kulemera kwa silabu yeniyeniyo timakudziwa bwino, sikusintha. Koma katundu wobwera, anthu, matumba a chimanga, malole, sitimudziwa bwino. Kodi n'kwanzeru kuopa zinthu ziwirizi mofanana? Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, injiniya ankadziwa kuti mtanda wake uli bwino pa katundu wa tsiku ndi tsiku, koma sankadziwa kuti udzathyoka pa katundu wochuluka bwanji, kapena kuti udzathyoka motani. Akatswiri atayamba kuthyola mitanda dala m'malo oyesera anapeza kuti mpata wa chitetezo sunali wofanana. Pena unali waukulu mopitirira, simenti ndi zitsulo zikungotayika. Pena unali wochepa kuposa mmene ankaganizira. Zili ngati mwini njinga uja amene amaika matumba awiri pa njinga iliyonse, yatsopano ndi yakutha, pamsewu wa tala ndi wa matope, osadziwa kuti ndi iti imene yatsala pang'ono.

Oyamba kusintha anali a ku Soviet Union, kumene Artur Loleit analimbikitsa kuwerengera pothyokera, ndipo zinalowa m'malamulo awo mu 1938. Ku America Charles Whitney anafotokoza njira yake mu 1937, koma buku lawo linasinthiratu mu 1971. Ku Ulaya komiti ya akatswiri a konkire yotchedwa CEB inatulutsa malangizo mu 1964. Chodabwitsa n'chakuti Portugal, dziko limene pa zinthu zambiri linkatsalira, apa linathamanga. Linali ndi malo ofufuzira amphamvu ku Lisboa otchedwa LNEC, ndi akatswiri ngati Júlio Ferry Borges, ndipo mu 1967 linatulutsa buku latsopano lotchedwa REBA. Angerezi anatsatira mu 1972 ndi CP 110, kenaka BS 8110 mu 1985. Ndiye kuti kwa zaka zisanu tsidya lino linali patsogolo pa tsidya linalo, pa pepala. Mu 1983 Portugal inatulutsanso REBAP ndi RSA, ndipo ngakhale ufulu wa 1975 unali utabwera kale, mainjiniya a ku Mozambique anapitiriza kugwiritsa ntchito mabuku amenewa.

Njira yatsopanoyi imafunsa mafunso awiri padera. Katundu angachuluke bwanji kuposa mmene tikuganizira? Buku la Angerezi linkachulukitsa kulemera kwa nyumba yeniyeniyo ndi 1.4, katundu wobwera ndi 1.6. Nanga zipangizo zingafooke bwanji? Mphamvu ya konkire imagawidwa ndi 1.5, chifukwa imapangidwa ndi anthu pa malo a ntchito, wina watopa, wina wawonjezera madzi. Ya chitsulo imagawidwa ndi 1.15 yokha, chifukwa chimachokera ku fakitale. Komanso injiniya amakonza dala kuti tsiku latsoka chitsulo chiyambe ndicho kugonja, mtanda upindike, ming'alu ioneke, anthu athawe. Konkire ikayamba ndiyo kuphwanyika sichenjeza, imangoti phwaa.

Tsono tibwerere kwa akuluakulu aja. Kodi akunena zoona? Theka. N'zoona kuti njira yakale kawirikawiri inkatulutsa mitanda yonenepa, ndipo mtanda wonenepa umakhululukira zolakwa zambiri. Koma tisaiwale kuti zakale zimene tikuziona ndi zimene zinapulumuka, zimene zinagwa zinamera udzu ndipo sitiziwerenga. Ndipo madzi sasankha buku. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unagumula mbali ya mlatho wa nthawi ya atsamunda ku Mocuba, msewu waukulu wa dziko lino unaduka pakati, ndipo kumpoto konse kunakhala mumdima kwa masabata angapo chifukwa nsanja za magetsi nazo zinagwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho watsopano pa Licungo yemweyo, wa njira ya ku Maganja da Costa, umene unali utangotsegulidwa mwezi wa Disembala, ndipo ku Tete mlatho wa pa Revúbuè unadukanso. Wakale ndi watsopano, onse pansi. Milatho yambiri imene imapita ndi madzi sigwa chifukwa mtanda walephera kunyamula lole. Madzi amakumba pansi pa chipilala, kapena amadya dothi la kumapeto kumene msewu umakwerera, mitengo yokokoloka n'kutseka njira. Masamu a nambala 15 sakhudza zimenezo, ngakhalenso a 1.4 ndi 1.6. Amenewo ndi masamu ena, a mtsinje ndi nthaka. Ife amene tinaona napolo wa pa Tumbine mu Januwale 1998, ndi Freddy mu Malichi 2023, tikudziwa kuti phiri likatsika ndi miyala yake palibe buku limene limaima patsogolo.

Njira yakaleyo sinafe kwenikweni. Injiniya wa lero akatha kuwerengera pothyokera amabwereranso kukafunsa kuti, pa katundu wa tsiku ndi tsiku, mtandawu upindika bwanji, ndipo ming'alu ikula bwanji? Pamenepo amagwiritsa ntchito masamu a Coignet omwe aja. Pa matanki a madzi ndiye koposa, chifukwa tanki imene sinagwe koma ikudontha ndi yopanda ntchito, choncho chitsulo chake amachisenzetsa zochepa ngati kale.

Nkhawa yanga ili pa nyumba zathu, zimene sizionana ndi injiniya aliyense, wakale kapena watsopano. Taphunzira kumanga mitanda yowonda poonera nyumba za ku Quelimane ndi ku Blantyre, koma nyumba zimenezo zinawerengedwa poyembekezera konkire yoyezedwa. Ife timatenga kuwonda kwa njira yatsopano n'kuphatikiza ndi thumba limodzi la simenti lodyetsedwa mawilibala osawerengeka. Mpata wa chitetezo watha kawiri. Ndikudziwa kuti simenti ndi wokwera mtengo, inenso ndimagula. Koma pa zipilala, mitanda ndi silabu, ndowa zitatu ndi theka za mchenga ndi zisanu ndi ziwiri za miyala pa thumba ndi malire, si poyambira kukambirana. Mchenga wa matope utsukidwe. Madzi akhale ochepa, chifukwa konkire yoyenda ngati phala la mwana ndi yosavuta kuthira koma ndi yofooka. Ikathiridwa izithiriridwa madzi masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo matabwa a pansi pa silabu asachotsedwe msanga kuti akagwire ntchito kwina, konkire imafika pa mphamvu yake yowerengedwa ikatha masiku 28. Zitsulo zisagone pa matabwa, zikwezedwe ndi timiyala ta simenti kuti zikutidwe masentimita 2 mpaka 4 malinga ndi chinyezi cha malowo.

Ndipo khonde lotuluka kunja lopanda chipilala, limene talikonda masiku ano pa masitolo, likumbukireni ndi nzimbe ija. Ilo limagwidwa mbali imodzi yokha, ndiye limakokedwa pamwamba, osati pansi. Zitsulo zake zikhale pamwamba, ndipo zilowe patali mu silabu ya mkati. Nthawi zambiri mmisiri amaziika bwinobwino, koma anyamata othira konkire amaziponda ndi mawilibala n'kuzitsitsira pansi, ndipo palibe amene amaona chifukwa konkire yakwirira. Likagwa ndi tsiku lochotsa matabwa, kapena tsiku limene anthu akwerapo kuonera mpira.

Pomaliza, inu amene mwagula kapena mwalandira nyumba yakale ndipo mukufuna kuikweza nsanjika chifukwa "ndi ya Apwitikizi, singagwe". Injiniya uja anasiyadi mpata, koma anausiyira nyumba imene anajambula, ndi maziko a nyumba imeneyo. Kuchokera apo papita zaka 60 kapena 70, ndipo nyumba zambiri za m'tauni muno zinakhala zaka zingapo zopanda denga, mvula ya Tumbine ikulowa m'konkire. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, chimasuntha konkire imene yachikuta, ndipo chokha chimawonda. Musanagule njerwa, yendani ndi nyundo yaing'ono mugogode zipilala ndi pansi pa mitanda. Pamene pakulira ngati ng'oma, pamene pali madontho ofiira, kapena mng'alu woyenda motsatira chitsulo, pamenepo mpata uja wadyedwa kale. Itanani katswiri wa za zomangamanga wa ku boma kapena injiniya adzakumbe aone maziko ndi kuyeza zitsulo zotsala, asanakwere munthu ndi ndowa yoyamba.